Mabotolo a Bambo Zuze

Chaka chatha tsopano chimwalirire a Zuze Daka, koma m'mudzi muno nkhani ya maliro awo sinazizire. Tinawaika ndi nyimbo, kwaya ili patsogolo, abusa atavala mkanjo wawo, ndipo alipo mpaka lero amene amati mpingo unapusitsidwa. Maina m'nkhani ino ndasintha, chifukwa chake muchiona kumapeto. Mwini wakeyo akanakhala moyo sakanakhulupirira kuti ndasinthadi.

Ndinawapeza kuno pamene boma linanditumiza kudzaphunzitsa sayansi pasukulu ya dera lino, pakati pa Petauke ndi Nyimba. Nyumba ya aphunzitsi inayang'anana ndi yawo. Tsiku loyamba ndinapita kukapereka moni monga achitira mlendo, ndipo nditafunsa kuti aswera bwanji, iwo anandifunsa amene wandituma. Ndinkayesa nthabwala, koma anali kudikira yankho.

Anali munthu wamtali, wowonda, wokhala nthawi zonse msana kukhoma, maso kunjira. Thumba la feteleza ankalimasula pomwepo pasitolo n'kulowetsa mkono mpaka pansi, kufuna mchenga. Mbewu yogula ankayamba aimeretsa m'chigoba, osati kumunda. Nkhani ankamvera pa wailesi ya kuno, kenako pa ya ku Mozambique, n'kutsiriza ndi kunena kuti onse awiri anama, kungoti wina wanama mwaulemu. Ukawauza kuti mwana wafanana ndi atate ake, ankati nkhope ndi chovala cha kumsika, chibale chili m'kati momwe maso safika. Anthu ankawatopa, ine ndemwe. Koma mbewu yawo sinkalephera kumera.

Chachikulu chimene aliyense ankadziwa za a Zuze n'chakuti anali odulidwa mu mpingo. Mpingo wathu sulekerera mowa, kaya wakumwa kaya wogula, ndipo munthu akafa ali wodulidwa amapita kumanda mwakachetechete, popanda nyimbo, popanda abusa. A Zuze ankagula kachasu poyera. Ankakwera njinga mpaka ku Nyimba kwa mayi wina wotcheza, poti otcheza a kuno ankawaganizira kuti amathira madzi. Ankafuna mutu wokhawokha, uja woyamba kudontha, ndipo asanaulandire ankauthira pang'ono pambale n'kuyatsa machesi. Ukapanda kuyaka ankabwerera chimanjamanja ulendo wonsewo.

Chodabwitsa n'chakuti palibe anawaonapo akudzandira, ngakhale kununkha kumene. Izi ndiye zinkawawa anthu. Chidakwa timachidziwa ndipo timadziwa pochiika, nanga munthu wogula osamwa akupita nawo kuti? Lamulungu lililonse ankakhala pa benchi yakumbuyo. Tsiku la mgonero ankatuluka n'kukaima pansi pa mtengo wa mango, chipewa chili m'manja, mpaka titatha. Sanali munthu wonyoza za mpingo ayi. Tsiku lina tikuchokera kumaliro a mnyamata wina amene anaikidwa popanda nyimbo, anandiuza m'Chinsenga chawo chimene ankaopa.

"Aticha, ine pa nkhondo naona ŵanthu oikiwa monga agalu m'mbali mwa njila. Nifuna lini kuyenda zii."

Ndinawafunsa kuti nanga bwanji osangosiya kugula. Anandiyang'ana ngati ndatumidwa.

Akulu a mpingo anali atayesapo kale, ine ndisanabwere. A Sakala, mkulu wa mpingo wodziwika ndi kusalekerera, anapita ndi anzawo kukafunsa komwe kachasuyo amathera. A Zuze anawalowetsa kuchipinda n'kuwaonetsa shelefu ya timabotolo. A Sakala ananyamula kamodzi kuloza kuwindo, ndipo m'katimo anaona tizala totuwa titathithikana. M'kena munali chinthu chopindika ngati khutu. Akuti anatuluka chobwerera m'mbuyo. Dzuwa lisanalowe mudzi wonse unali utamva kuti mkamwini wa ku Mozambique uja amasunga zala ndi makutu a ana. Amayi anayamba kuitana ana awo akasewera kufupi ndi nyumbayo. Abale a mkazi wawo, amake Lute, anafuna kuti awapirikitse pamudzi, koma amake Lute, mayi wa chigwirizano wosajomba, anati mwamunayo anamusankha yekha ndipo adzamupirikitsa yekha akafuna. Mpingo unagamula kuti akhuthulire zonse m'dzenje akulu akuona, ndipo abwerera mu mpingo. A Zuze anakana.

Nanenso ndinkawakayikira, ndisaname. Galu wamkota sakandira pachabe. Panapita zaka asanandionetse, ndipo anayamba andiyesa mayeso. Anandifunsa ngati mleme ndi mbalame. Nditati ayi, umayamwitsa, anandifunsa ngati nyongolotsi ndi mwana wa njoka. Nditakananso, anadzuka n'kutsegula chitseko.

Ndi tsiku limenelo ndinamva mbiri yawo. Anabadwira kutsidya kwa malire, Mnsenga mnzathu wa mbali ya Mozambique. Ali mnyamata anatsikira kunyanja yamchere kukafuna ntchito, ndipo anaipeza pa boti la azungu ofufuza zamoyo za m'madzi. Anaphunzira kumira. Ntchito yawo inali kudula tizidutswa ta zinthu zotchedwa makorali ofewa. Anandifotokozera kuti zimamera pamiyala pansi pa madzi n'kumagwedezeka ngati masamba, koma si zomera. Ndi tinyama tating'ono tambirimbiri togwirana m'thupi limodzi. Abale ake olimba amamanga miyala, koma awa ndi ofewa, ukawagwira amangokhala ngati chiwindi.

Bwana wawo ankasiyanitsa mitundu posungunula kachidutswa m'mankhwala oyeretsera zovala. Pansi pankatsala timchenga toyera, n'kutiyang'ana pa galasi lokulitsa. Timchengato tikafanana, ankati mtundu ndi umodzi. Mkangano unabuka pa awiri, amene a Zuze ankawatchula wazala ndi wakhutu. Bwana anati ndi mtundu umodzi. A Zuze anati ndi iwiri, popeza iwo ndi amene ankamira, ndipo wina ankamupeza m'malo obisika, wina poyera pomenya mafunde. Bwanayo anaseka, ndipo kusekako a Zuze anakusunga moyo wawo wonse. Anayamba kudzisungira tizidutswa tawo m'timabotolo ta sipiriti, poganiza kuti bwanayo adzasakaniza dala kuti apambane. Sanalembepo kanthu, poti cholembedwa aliyense amawerenga. Ankangomanga ulusi pakhosi pa botolo, mtundu uliwonse tanthauzo lake, ndipo tanthauzolo linali m'mutu mwawo.

Azungu atachoka ntchito inatha, ndipo anabwerera kwawo. Nkhondo itafika kumudzi, anzawo anathawa ndi mapoto ndi mabulangete, iwo anasenza kabokosi kachitsulo kokulunga m'saka. Anakhala kumalo a othawa nkhondo ku Msanzala, ndipo ena atabwerera iwo anatsala chifukwa cha amake Lute. Sipiriti amauma ngakhale utatseka bwanji, ndipo korali akangotulukira pamwamba amawonongeka. Sipiriti wofiirira wa m'sitolo anawadetsera botolo limodzi. Chotsala chinali kachasu. Nditafunsa kuti akusungira yani, anati mlandu suola, woweruza adzabwera.

Woweruzayo ndinamubweretsa ndine, mosadziwa. Nditagula foni yojambula, ndinawapempha kuti ndijambule botolo limodzi ndionetse aphunzitsi anzanga a sayansi. Anavomera atakana kangapo, ndipo anayala nsalu kumbuyo kwake kuti munthu asazindikire nyumba. Chithunzicho chinayenda dzanja ndi dzanja mpaka chinafika kwa mayi wina wofufuza za m'nyanja ku Mozambique, amai Selina, wobadwira ku Angonia, woyankhula Chichewa chosalala kuposa changa. Anabwera m'chilimwe kudzera pa chipata cha malire cha Chanida, fumbi lili m'tsitsi.

A Zuze anamukhazika pabwalo, iwo msana kukhoma. Mayiyo anafotokoza modekha. Anati chamoyo chilichonse chimanyamula m'thupi mwake chizindikiro chochokera kwa makolo, chotchedwa DNA, ndipo pachibale chenicheni zizindikirozo zimayandikana, pamene pachibale chakutali zimasiyana kwambiri. Anati akatswiri akale anasanja mabanja a makorali ofewa poyang'ana maonekedwe ndi timchenga tija, koma chiyambire kuwerenga DNA mabanja ambiri apasuka. Ofanana nkhope akupezeka kuti ndi alendo, osiyana nkhope akupezeka kuti ndi a bere limodzi. A Zuze anandiyang'ana, ndipo ndinadziwa kuti akundikumbutsa za chovala cha kumsika.

Kenako mayiyo ananena chimene chinamuyendetsa ulendo wonsewo. Makorali akale amene azungu anasiya anawasunga m'mankhwala aja osungira mitembo, ndipo mankhwalawo amawononga DNA. Mowa waukali ndiye umasunga. Malo amene a Zuze ankamira nawonso anasintha, madzi anatentha ndipo zambiri zinafa. Atamva kuti zaka zonsezi akhala akuthira kachasu wa ku Nyimba, anaseka mpaka kupukuta misozi. A Zuze sanaseke. Anafunsa kuti makina owerengera DNA amenewo amawaweruza ndani akanama.

Anagwirizana zomupatsa tizidutswa tokapima, koma motere: kudula adula okha, chitseko chotseka, ndipo tanthauzo la ulusi sanena. Mayiyo anawapatsa timachubu take ndi lumo latsopano, lomwe analinunkhiza. M'mawa mwake anatuluka ndi timachubuto, kalikonse ndi ulusi wake. Galimoto itangokhota, anandiuza kuti wakuba uja wapita ndipo sitidzamuonanso.

Mvula inagwa, tinadzala, tinapalira, osamva kanthu. Tikakumana pamjigo ankandifunsa kuti mnzanga uja wagulitsa kwa yani. Ndiye tsiku lina masana foni inalira. Kuno mawu amamveka bwino pachulu cha kuseri kwa sukulu pokha, choncho tinakwera atatu, a Zuze, amake Lute ndi ine, foni ndaikweza m'mwamba ngati ndikuombeza mvula.

Amai Selina anayamba ndi kunena kuti timachubu tambiri sitinatulutse kanthu, zinali zitaonongeka ndi kutentha ndi zaka. Kenako anati ka ulusi wofiira ndi ka ulusi wakuda n'zodulidwa pa thupi limodzi. A Zuze anagwedeza mutu pang'ono. Anali atadula korali mmodzi pawiri kuti aone ngati makinawo azindikire. Tinamva mayiyo akudziletsa kuseka.

"Bambo, ka ulusi wobiriwira aka si ka m'nyanja. Iyi ndi mbuzi."

Aka kanali koyamba kuona mano a a Zuze, ndipo anali ochepa kuposa momwe ndinkaganizira. Chinali chifu cha mbuzi chimene anachiviika mu kachasu mpaka kutuwa, kuchokera tsiku lomwe anamva kuti mlendo akubwera. Anatembenukira kwa mkazi wawo n'kunena kuti makinawa ndi a chilungamo. Ananena okha, pamaso pa mboni, ndipo ndimaona kuti apa ndi pomwe anadzitchera msampha. Atatero anaulula ulusi wa wazala ndi wa wakhutu, n'kufunsa chigamulo.

Mayiyo sanazungulire. Anati ndi mtundu umodzi. Ukamera pobisika umatalika n'kuchita zala, ukamera pomenya mafunde umafwamphuka n'kuchita khutu. Bwana uja ananena zoona. Anapitiriza mokondwa kuti pali ena awiri amene a Zuze ankawayesa mapasa, osawakanganira n'komwe, omwe apezeka kuti ndi otalikirana kwambiri, ndipo mmodzi mwina sanalembedwepo. Kwa iye nkhani yaikulu inali imeneyo. A Zuze sanaimve.

"Mwaŵelenga vonse?" anafunsa.

Mayiyo anali woona mtima. Anati ayi, za zaka zambiri chonchi zimakhala zodukaduka, wawerenga mbali chabe, koma m'mbali yonseyo sanapeze kusiyana. A Zuze anatsika pachulu osatsanzika. Amake Lute anawayang'ana akupita, n'kunena chapansipansi kuti zaka zonse zija pansi pa mango zinali za chinthu chimodzi. Ine ndinakwiyira foni yanga ngati ndiyo yalakwa.

Anakhala masiku osatuluka, wailesi ili yotseka. Kenako anatuluka atasintha maganizo, kapena tinkayesa choncho. Amai Selina anali atapempha kuti mabotolowo akasungidwe kwawo kunyanja komwe anachokera. A Zuze anawakulunga m'masaka, nawapereka kwa mlamu wawo woyendetsa lole, atayamba afunsa kaye mbiri ya matayala ake onse. Atatero anaitanitsa a Sakala. Mkuluyo, amene tsopano anali ndi ndodo, anaima pakhomo la chipinda kuyang'ana shelefu yopanda kanthu. Anasuzumira pansi pa bedi, nagogoda mtsuko ndi ndodo.

"Vonse vayenda?"

"Muli nawo maso, a Sakala."

Anawabwezera mu mpingo. Pa mgonero woyamba, kapu itafika kwa iwo, anayamba ainunkhiza. Mabenchi anagwedezeka ndi kuseka kobisa, koma amake Lute anali kulira. Ine ndinasangalala kwambiri tsiku limenelo, ngakhale ndinaona kuti a Sakala sanachotse diso pa iwo.

Pasanapite nthawi miyendo ya a Zuze inayamba kukana. Njinga inapachikidwa, ndipo dziko lawo linatsala pakati pa bedi ndi khonde. Amake Lute ndiwo ankatuluka, nthawi zina mpaka ku Nyimba kukagula nthochi. Anamwalira titangokolola. Thupi lili m'nyumba, a Sakala anaimitsa kwaya pabwalo. Anati wamva kwa wakabaza wina kuti botolo la ku Nyimba linkalowabe pakhomo pamenepo ngakhale atabwezeredwa, ndipo mpingo usaimbire munthu amene anaunamiza. Akulu anakhala pansi pa mtengo, azimayi ali chete m'nyumba, manda atakumbidwa kale. Ndinaitanidwa ngati woyandikana nawo. Ndinanena zimene ndinkadziwa, kuti shelefu ndinaiona ndi maso anga, lole ndinaiona ikunyamuka, ndipo munthu amene ankalephera kufika kuchimbudzi sakanafika ku Nyimba. A Sakala anati chikomekome cha mkuyu. Abusa anafunsa ngati alipo anaona botololo, ndipo panalibe. Kwaya inayamba, ndipo inaimba mpaka kumanda ndi pobwerera pomwe. Ndinkayenda kumbuyo kwa bokosi ndikuganiza kuti a Sakala ndi munthu wouma mtima, wokayikira ngakhale mtembo.

Mwezi uno amake Lute anandiitana kuti ndikawathandize kukonza khola la nkhunda lomwe linapendekeka. Nditakwera, anandiuza kuti ndilowetse dzanja m'chisa chakumapeto, chimene nkhunda sizigonamo chifukwa pakhomo pake panatsekedwa ndi chigoba. Ndinatulutsa timabotolo tiwiri tokulunga m'sokisi. Kena kanali ndi zala, kena khutu. Ulusi wake unali wosiyana.

Ndinatsika n'kukhala pansi. Ndinawafunsa ngati ankadziwa. Anandiyang'ana mmene amuna awo ankandiyang'anira.

"Aticha, awo miyendo yenze yasila. Lomba muganiza nthochi za ku Nyimba nenze kukagula za chinji? Ise nthochi tili nazo kudimba."

Ankaziika pamwamba pa dengu, botolo pansi, atavala chitenje cha chigwirizano kuti munthu asawaimitse. Machesi ankayatsa okha kuseri kwa nyumba ya mayi wotcheza uja, monga anawaphunzitsira amuna awo. Anati a Zuze sankakana kuti makinawo ndi a chilungamo, kungoti anawerenga mbali chabe, ndipo kudzabwera ena owerenga zonse. Ndinafunsa ngati iwonso ankakhulupirira zimenezo. Anati iwo nyanja sanaionepo, chimene ankadziwa n'chakuti mabotolo akadzaza bambowo ankadya.

Ndinawauza kuti ndikhoza kuwatumiza kwa amai Selina. Anakana, poti analonjeza kuti awiriwa sadzapita kwa woweruza yemweyo. Ndinati nanga apitiriza kuthira? Anapukusa mutu.

"Awo anayenda na nyimbo zawo. Na ine nifuna zanga."

Sanandipemphe kuti ndizigula ndine, ndipo ine sindinadzipereke. Nanenso ndimadya mgonero, ndipo a Sakala akali moyo, diso lawo likali lakuthwa. Tinabwezera timabotoloto m'chisa, tinatseka ndi chigoba, ndipo khola tinaliwongola.

Pakhonde pawo khoma lili ndi chidetso pomwe msana unkatsamira, ndipo palibe amakhalapo. Alendo amalowa osafunsidwa amene wawatuma. Kuchipinda shelefu ija amake Lute aikapo mbale, koma pathabwa pakuonekabe timizere tozungulira pomwe pankakhala mabotolo. Dzulo ndinakweranso pakhola, ndikunamizira kuona maunda. Kachasu watsika ndithu. Wakhutu akali womira poti ndi wafulati, koma nsonga za zala zatulukira pamwamba, ndipo zayamba kuuma.